Musanalole munthu kusintha pulogalamu ya injini ya pikapu yanu

Bambo wina amene amanyamula mpunga kuchokera ku Karonga anafika pagalaja yathu ku Luwinga ndi Hilux yake ya 2.8 GD-6, ndipo tisanatsegule n'komwe boneti anafunsa kuti: "Amisiri, kodi ndigule pulogalamu iti kuti galimotoyi izikwera Chiweta osadandaula?" Anali atawerenga zambiri pa intaneti, mayina a zipangizo ankawadziwa, koma sanafunse za munthu amene adzagwire ntchitoyo. Funso lakelo ndimalimva kawirikawiri masiku ano, ndipo yankho langa limayambira pa munthuyo.

Injini ya dizilo yamakono imalamulidwa ndi kakompyuta kotchedwa ECU. Mu Hilux kamakhala ka Denso, pamene Ford Ranger ya 2.2 ndi 3.2 imagwiritsa ntchito ka Continental. Mkati mwake muli matebulo a manambala omwe amanena kuchuluka kwa mafuta oti ma injector apopere, nthawi yopoperayo, mphamvu imene pampu ikankhire mafuta, ndi mpweya umene tabo ilowetse. Kutchuna injini ndi kusintha manambala amenewa. Kampani yopanga galimoto imasiya dala mpata pakati pa zomwe injini ikuchita ndi zomwe ingathe, chifukwa galimoto imodzimodziyo idzagulitsidwa kumayiko otentha ndi ozizira, kwa anthu osamala ndi osasamala. Wotchuna amadya mpata umenewu, ndipo akaudya wonse galimoto imatsala yopanda chodzitetezera tsiku limene mwathira mafuta a m'chigubu kapena radiyeta yatsekeka ndi fumbi.

Zomwe zimagulitsidwa sizofanana, ngakhale zonse zimatchedwa "chip". Kabokosi kolumikiza pa pedo ya moto sikawonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Kamangopangitsa kuti mukaponda pang'ono ECU iganize kuti mwaponda kwambiri. Palinso mabokosi otchipa amene amalumikizidwa pa sensa ya common rail, paipi yosunga dizilo wopanikizidwa asanapite ku ma injector, n'kumanamiza ECU kuti mafuta akukankhidwa mofooka, ndipo iyo imauza pampu kuti iwonjezere. Mphamvu imabweradi, koma pampu ndi ma injector, zomwe zimagwira kale ntchito pa mabar oposa 1,600, zimapanikizika popanda china chilichonse chosinthidwa kuti chigwirizane nazo. Ine mabokosi otere sindiyikira munthu. Osiyana nawo ndi monga Unichip ya kampani ya Dastek ya ku Pretoria, yomwe mmisiri amaitchuna pagalimoto yanu yeniyeniyo ndipo mungathe kuichotsa. Njira inayo ndi kulemba fayilo yatsopano mu ECU momwemo kudzera pa soketi ya OBD ya mapini 16 yomwe ili pansi pa chiwongolero, kapena kuchotsa ECU n'kuilumikiza patebulo.

Amene mumagula zinthu pa intaneti musamale ndi zipangizo za m'manja za Bully Dog, SCT kapena Edge. Zinapangidwa makamaka chifukwa cha mapikapu akuluakulu a ku America monga Ford F-250 ndi Ram, ndipo HP Tuners ndi EFILive nazonso zinatchuka ndi magalimoto a kumeneko. Musanalipire, pezani dzina la injini yanu ndi chaka chake pa mndandanda wa magalimoto amene chipangizocho chimawerenga. Pa Hilux, Ranger ndi D-Max zathuzi, amisiri ambiri amawerenga ndi kulemba ndi KESS ya Alientech ya ku Italy kapena Autotuner, ndipo manambala amawasintha mu WinOLS kapena ECM Titanium. Mwini galimoto alibe chifukwa chogulira mapulogalamu amenewa. WinOLS imangoonetsa manambala ambirimbiri, siikuuzani kuti tebulo ili ndi la tabo kapena la mafuta, ndipo kuidziwa bwino kumatenga zaka.

Tsopano pamene pagona nkhani, makamaka kwa ife a kumpoto, ndi kutentha. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ku Chikangawa ndi pamwamba kuposa apa, ndipo Nyika imapitirira mamita 2,000. Munthu akamakwera mpweya umachepa, moti kuno ku Mzuzu umakhala wocheperapo ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi ku Durban, m'mbali mwa nyanja yamchere. Tabo imabwezera kuchepako pozungulira mwachangu, kutanthauza kuti kuno imakhala kale pafupi ndi malire ake musanasinthe kanthu. Fayilo yolembedwera galimoto yopanda katundu ya m'mbali mwa nyanja yamchere ikalowa mu pikapu yonyamula matumba a mpunga pa Chiweta, mafuta amachuluka kuposa mpweya, utsi umada, ndipo kutentha kwa utsiwo kumakwera. Amisiri timayamba kuda nkhawa utsi wolowa mu tabo ukakhala pamwamba pa madigiri 700 kwa nthawi yaitali. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, ndipo mapisitoni amapulumuka chifukwa oyilo amawapopera kunsi kuti azizire. Kutentha kukakhalitsa, pisitoni imang'aluka kapena kubooka. Choopsa n'chakuti geji ya padashibodi imayeza madzi, siiyeza utsi, choncho imatha kukhala phee pakati pamene mkati mukupsa. N'chifukwa chake ndimauza aliyense wotchunitsa galimoto yonyamula katundu kuti ayikitse geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi, tsiku lomwelo, ndipo aphunzire kutsitsa giya ikayamba kukwera.

Utsi wakuda anyamata ena amaukonda, amati ndi umboni wa mphamvu. Umenewo ndi dizilo amene mwagula ndi ndalama zanu, mwina mutagona pamzere, akutuluka osapsa, ndipo mwaye wake wina umatsikira mu oyilo n'kumadya injini pang'onopang'ono.

Ganiziraninso zimene Toyota yomwe inachita. Injini ya 2.8 itangotuluka inali ndi mphamvu ya 130 kW, ndi mphamvu yokoka ya 450 Nm pa giya ya otomatiki. Mu 2020 anaikweza kufika 150 kW ndi 500 Nm, koma sanangosintha manambala: anaika tabo yaikulu ndi kukonzanso kaziziritsidwe ka injini. Ndipo ya giya ya pamanja anaisiya pa 420 Nm. M'kuona kwanga, ichi chiyenera kuchenjeza aliyense amene walonjezedwa 600 Nm pa klachi ya kufakitale. Klachi imayamba kuterereka pa giya zapamwamba, ndipo giyabokosi ya otomatiki imatenthetsa oyilo wake paphiri ngati ikukoka ngolo.

Nanga mmisiri mumusankhe bwanji? Woyenera amayamba ndi kukana kulemba fayilo asanapime galimoto. Amaona ngati ma injector akupopera mofanana, ngati mapaipi a intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera mu tabo, sakutaya mpweya, ngati fyuluta ya dizilo ndi yabwino, chifukwa injini yodwala ikawonjezeredwa mafuta imangofulumira kufa. Kenako mufunseni mwachindunji kuti fayiloyo akulemba ndani. Zipangizo monga KESS ndi Autotuner zili za mitundu iwiri, "master" ndi "slave". Wa "slave" amawerenga ECU yanu, amatumiza fayilo kwa katswiri wina amene mwina ali ku Johannesburg kapena ku Ulaya, n'kulandira yosinthidwa. Palibe cholakwika ndi zimenezi ngati katswiriyo akuuzidwa kumene galimoto imayenda ndi katundu amene imanyamula, komanso ngati akuvomera kukonzanso fayilo akaona zotsatira. Cholakwika ndi fayilo yotola paliponse, yomwe nambala yake ya pulogalamu siifanana ndi ya ECU yanu.

Fayilo yoyambirira ndi yanu, ndipo muitenge pa flash disk ntchito isanayambe. Ndikunena izi chifukwa cha pikapu ina imene inabwera kwathu mochita kukokedwa. Wotchunayo anagwiritsa ntchito chipangizo chachinyengo chotsanzira chenicheni, sanalumikize tchaja yosunga mphamvu ya batire, ndipo batire litafooka kulembako kunaimira pakati. Potembenuza kiyi, magetsi a padashibodi ankayaka, nyale ya injini osaoneka, makina athu opimira osapeza ECU konse. Fayilo yoyambirira panalibe amene anaisunga. Mwini wake anadikira masabata angapo kuti ECU ina ifike kuchokera ku South Africa, kenako tinayenera kuigwirizanitsa ndi makiyi, galimoto yomwe imadyetsa banja ili chiimire pabwalo. Nkhope ya bamboyo sindinaiiwale.

Ntchito ikatha payenera kukhala kuyeza. Dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto ili pagalaja, ndi yabwino, koma ngati ili kutali, msewu wochokera ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu umatithandiza, popeza pa makilomita osakwana 50 galimoto imakwera mamita oposa 700 kuchokera kunyanja. Timaika katundu wofanana ndi wa masiku onse, laputopu ili pamiyendo pa wothandizira, n'kujambula mpweya umene ECU ikupempha ndi umene tabo ikupereka, mphamvu ya mafuta mu common rail, ndi kutentha kwa utsi, tisanatchune ndiponso titatchuna. Mmisiri amene sangakuonetseni manambala a asanatchune ndi a atatchuna akukugulitsani malonjezo.

Ambiri amapemphanso kuti tizimitse EGR, yomwe imabwezera utsi wina mu injini, ndi kuchotsa DPF, fyuluta yogwira mwaye wa mu utsi, makamaka pa magalimoto ochokera ku UK ndi ku Japan. Ndimamvetsa chifukwa chake, pakuti DPF imatsekeka msanga pa galimoto yongozungulira m'tauni. Komabe kutsekekako nthawi zambiri kumakhala chizindikiro cha injector yodontha, sensa yakufa kapena oyilo wosayenera, ndipo kuichotsa kumangobisa matendawo. Mwaye umene inkagwira umapita m'mapapo a amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi a akabaza amene akutsatira kumbuyo kwanu. Kumbukiraninso kuti galimoto ikakhala pa walanti, kusintha pulogalamu kungaithetse, ndipo a inshuwalansi ndi bwino kuwadziwitsa polemba kalata.

Hilux ya bambo wa mpunga uja titaipima tinapeza paipi ya intercooler yong'ambika kunsi, pamalo osaoneka ndi maso, ndi fyuluta ya dizilo imene inali itapitirira nthawi. Tinasintha ziwirizi, ndipo ndinawapempha kuti apite kaye ku Karonga ulendo umodzi ndi katundu wawo, akabwera tidzakambirane za fayilo. Atabwerera anati galimoto yakwera Chiweta pa giya imene inkakwerera ili yatsopano. Za kutchuna anati aganizirabe, koma geji ya EGT anaikitsa tsiku lomwelo.