Mkangano wa Mafayilo a Stasi ku Germany

Kwa zaka pafupifupi 40, boma la East Germany linkalemba za moyo wa anthu ake m'mafayilo achinsinsi, eni akewo osadziwa. Ntchitoyi inali m'manja mwa unduna woona za chitetezo cha boma, womwe unakhazikitsidwa mu 1950 ndipo anthu ankangoutchula kuti Stasi. Pofika mu 1989, undunawu unali ndi antchito pafupifupi 91,000, komanso akazitape oposa 170,000 omwe ankatola nkhani mobisa m'maofesi, m'matchalitchi, m'masukulu ndi m'mabanja, m'dziko la anthu 16 miliyoni okha. Ankatsegula makalata, kutchera khutu pa mafoni, ngakhale kusunga fungo la thupi la munthu: kansalu koyamwa thukuta pampando umene munthu anakhalapo pofunsidwa mafunso ankakatsekera m'botolo, kuti tsiku lina agalu adzamulondole.

Chipupa cha Berlin, chomwe chinkagawa mzindawo pakati, chitatseguka pa 9 Novembala 1989, akuluakulu a Stasi anadziwa kuti madzi afika m'khosi, ndipo anayamba kuwononga umboni. Makina odulira mapepala anagwira ntchito usana ndi usiku mpaka ambiri anawonongeka, kotero antchito anayamba kung'amba ndi manja, kutentha, ndi kuviika mapepala m'madzi kuti asanduke phala.

Amene analetsa zimenezi sanali asilikali kapena nduna, koma anthu wamba. M'mawa wa pa 4 Disembala 1989, mumzinda wa Erfurt, gulu la amayi omenyera ufulu linazindikira kuti utsi wotuluka pa ofesi ya Stasi unali wa mafayilo oyaka. Anamemeza anzawo, anatseka zipata kuti magalimoto asatuluke ndi katundu, analowa m'katimo, ndipo anaumiriza woimira boma pa milandu kuti amate zidindo pa zitseko za zipinda zosungiramo mafayilo. Kuyambira tsikulo anthu ongodzipereka ankasinthana kulondera zitsekozo. Madzulo a tsiku lomwelo zomwezi zinachitika ku Leipzig, ku Suhl ndi ku Rostock, ndipo pa 15 Januwale 1990 khamu la anthu linalowa ku likulu la Stasi ku Berlin. Tiyenera kukumbukira kuti pa nthawiyo alonda a maofesiwa anali adakali ndi mfuti, ndipo palibe amene akanalonjeza amayi aja kuti abwerera kwawo amoyo.

Mafayilo atapulumuka, mpamene mkangano weniweni unabuka. Ena ankati atenthedwe onse, poopa kuti anthu akadziwa amene ankawapereka adzabwezerana ndipo magazi adzakhetsedwa. Enanso ankati nkhani zotoledwa mwakuba siziyenera kuwerengedwa ndi wina aliyense, chifukwa m'menemo munali zinsinsi za matenda, za m'banja ndi mabodza ambiri. Mantha amenewa sanali opanda pake, ndipo ngakhale ena mwa omenyera ufulu anagwirizana nawo poyamba. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa 1990 anavomereza kuti zosungidwa m'makompyuta a Stasi ziwonongedwe, ndiponso kuti nthambi yaukazitape wakunja idzithetse yokha, zomwe zinaipatsa mpata wowononga pafupifupi mafayilo ake onse. Zambiri zimene zinatayika pamenepo sizidzabwereranso, ndipo ine ndimaona kuti uku kunali kulakwitsa kwakukulu kwa nyengoyo, chifukwa opindula anali olakwa, osati olakwiridwa.

Pa 24 Ogasiti 1990, nyumba ya malamulo ya East Germany, yomwe inali itasankhidwa mwaufulu koyamba, inakhazikitsa lamulo loti mafayilo asungidwe ndi kugwiritsidwa ntchito pounika zakale. Koma okambirana za pangano logwirizanitsa mayiko awiri a Germany, East Germany ndi West Germany, analisiya lamulolo kunja, pofuna kuti mafayilo aperekedwe ku nkhokwe ya zikalata za boma, komwe akanatsekeredwa kwa zaka zambiri. Pa 4 Seputembala, omenyera ufulu, mmodzi mwa iwo Bärbel Bohley, analowanso ku likulu lija, nadzitsekera m'zipinda, kenako nayamba kunyanyala chakudya. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: zolembedwa za moyo wa munthu ndi zake, osati za boma limene linamuzunza kapena limene lalowa m'malo mwake. Maboma awiri aja anagonja nawonjezera ndime m'panganolo, ndipo pa 3 Okutobala 1990, tsiku logwirizana, Joachim Gauck, m'busa wa ku Rostock yemwe pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko, anapatsidwa udindo woyang'anira mafayilowo.

Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa Disembala 1991, ndipo pa 2 Januwale 1992 anthu oyamba anakhala pansi kuwerenga mafayilo awo. Lamuloli linayesetsa kuyankha mantha a mbali zonse. Munthu amawerenga zokhudza iye yekha, mayina a anthu ena osalakwa amadetsedwa kuti asaoneke, koma dzina lenileni la kazitape amene ankamupereka ali ndi ufulu wolidziwa. Zina zimene anthu anapeza zinali zowawa kwambiri. Vera Lengsfeld, yemwe anamangidwapo chifukwa chotsutsa boma, anapeza kuti mwamuna wake ndiye ankapereka nkhani zake pogwiritsa ntchito dzina lobisa loti Donald, ndipo banja linatha. Komabe kubwezerana kwa magazi kumene ankaopa kuja sikunachitike. Ambiri amene anamangidwa popanda chifukwa anagwiritsa ntchito mafayilo omwewo kuyeretsa mayina awo ndi kulandira chipukuta misozi, pomwe ena anapeza kuti mnzawo amene ankamukayikira kwa zaka zambiri anali wosalakwa. Mapempho a nzika ofuna kuwerenga mafayilo apitirira 3 miliyoni.

Zimene zinapulumuka n'zochuluka zedi: mafayilo amene atawandanditsa angatalike makilomita 111, pamodzi ndi matumba pafupifupi 16,000 a mapepala ong'ambidwa aja. Kuyambira mu 1995, antchito m'tauni ya Zirndorf anayamba kulumikiza zidutswazo ndi manja, kuyang'ana mtundu wa pepala, kalembedwe ndi m'mphepete mong'ambika, ndipo patapita zaka zoposa 20 anali atamaliza matumba pafupifupi 500 okha.

Mkangano sunathere pomwepo. Helmut Kohl, mtsogoleri wakale wa boma la West Germany ndiponso la Germany yogwirizana, anapita kukhoti kukaletsa kuti zimene Stasi inajambula pa mafoni ake ziperekedwe kwa atolankhani ndi ofufuza, ndipo makhoti anachepetsa zimene zingatulutsidwe zokhudza anthu otchuka. Kenako panabwera funso loti ofesi yapadera yoyang'anira mafayilowa ipitirire kapena ayi. Mu Juni 2021 ofesiyo inatsekedwa ndipo mafayilo anaperekedwa ku nkhokwe ya zikalata za boma, zomwe ena mwa omenyera ufulu akale anazitsutsa poopa kuti nkhaniyi idzazirala. Nyumba ya malamulo inavomereza kusinthaku pokhapokha lamulo la 1991 lipitirire kugwira ntchito, kotero ufulu wa munthu wowerenga fayilo yake sunachotsedwe.