Milandu iwiri ya mu Okutobala 2011 yomwe inasintha zilango za tsankho mu mpira

Lero wosewera wa mu ligi ya ku England akapezeka kuti watukwana mnzake m'bwalo chifukwa cha khungu lake, amadziwiratu kuti masewero osachepera 6 awaonera pa kanema. Mu mipikisano ya UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, amakhala osachepera 10. Malamulo amenewa ndi adzulodzuloli. Anabadwa chifukwa cha milandu iwiri yomwe inachitika motsatizana, masiku 8 okha pakati pake, ndipo yonse inakhudza matimu omwe ife kuno timakanganira m'mabala ndi m'maminibasi: Liverpool, Manchester United ndi Chelsea.

Tsankholo lokha ndi lakale. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, wosewera wakuda akangogwira mpira masapota ankalira ngati anyani, ena n'kumaponya nthochi m'bwalo. Cyrille Regis wa West Bromwich Albion atasankhidwa kuti asewerere dziko la England, analandira chipolopolo mu envulopu. Paul Canoville, wakuda woyamba kusewera mu timu yaikulu ya Chelsea mu 1982, ankatukwanidwa ndi masapota a timu yake yomweyo. Mu 1991 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loletsa nyimbo zatsankho m'mabwalo a mpira, ndipo mu 1993 kunayamba kampeni yomwe lero ndi bungwe la Kick It Out. Koma zonsezi maso anali pa masapota. Za wosewera kunyoza wosewera mnzake, malamulo a FA, bungwe loyendetsa mpira ku England, ankangonena kuti chilango cha kutukwana chikhoza kuwonjezedwa ngati mawuwo akhudza mtundu wa munthu. Panalibe chiwerengero chokhazikika cha masewero ochepetsetsa oletsedwa.

Pa 15 Okutobala 2011, pa bwalo la Anfield, Liverpool inkasewera ndi Manchester United. M'chigawo chachiwiri, podikira kona, Luis Suárez wa Liverpool ndi Patrice Evra wa Manchester United anayankhana pakamwa pa golo, akulankhula Chisipanishi. Masewero atatha ndi chigoli chimodzi mbali iliyonse, Evra ndi mphunzitsi wake Alex Ferguson anapita kwa woyimbira kukadandaula. Panalibe amene anajambula mawu. Chomwe chinalipo ndi zithunzi za kanema zoonetsa milomo ikugwedera, Suárez akutsina mkono wa Evra, ndi mawu a anthu awiriwo, aliyense akukoka kwake. Suárez anavomera kuti anatchula khungu la Evra kamodzi, koma anati kwawo ku Uruguay mawuwo amanenedwa mwachibale. Komiti yoyima payokha inafunsa akatswiri a chiyankhulocho, omwe anati zoona mawuwo akhoza kukhala achibale, koma akanenedwa pa mkangano amakhala chipongwe. Komitiyo inapeza kuti Suárez anawanena kasanu ndi kawiri, ndipo inati umboni wake unali wosadalirika. Pa 20 Disembala analetsedwa masewero 8 ndi kulipitsidwa mapaundi 40,000. Chigamulo chonse chinali cha masamba 115.

Zomwe Liverpool inachita mawa lake n'zomwe ambiri amakumbukira kuposa chigamulocho. Pa masewero a ku Wigan, osewera onse pamodzi ndi mphunzitsi Kenny Dalglish anatulukira atavala malaya okhala ndi chithunzi cha Suárez. Glen Johnson, mnyamata wakuda, anavalanso. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe timuyi inadzichotsera ulemu, chifukwa uthenga womwe unapita kwa wosewera wakuda aliyense unali woti ukadandaula, gulu lonse likuukira. Timuyo sinachite apilo. Mu Febuluwale 2012, pa Old Trafford, Suárez anadumpha dzanja la Evra pa moni wa masewero asanayambe. Iye ndi Dalglish anapepesa tsiku lotsatira. Jamie Carragher, yemwe ankasewerera Liverpool pa nthawiyo, anadzapepesa kwa Evra za malaya aja mu 2019, pa kanema.

Mlandu wachiwiri unali wovuta kwambiri. Pa 23 Okutobala 2011, pa Loftus Road, makamera anajambula John Terry, kaputeni wa Chelsea komanso wa England, akulankhula mawu otukwana otchula khungu, atayang'ana kwa Anton Ferdinand wa Queens Park Rangers. Nkhaniyi inafika kupolisi, choncho FA inayamba yadikira khothi. Mlandu utaikidwa kuti udzazengedwe mpikisano wa Euro 2012 utatha, FA inamulanda Terry ukaputeni. Mphunzitsi wa England, Fabio Capello, sanagwirizane nazo, ndipo pa 8 Febuluwale 2012 anatula pansi udindo. Rio Ferdinand, mkulu wake wa Anton, sanatengedwe kupita ku Euro, Terry anapita.

Ku khothi la majisitireti la Westminster, Terry sanakane kuti mawuwo anatuluka m'kamwa mwake. Anati ankangobwereza zomwe ankaganiza kuti Ferdinand akumunamizira, ngati kufunsa kuti "ukuti ndanena zakutizakuti?" Pa 13 Julayi 2012 khothi linamumasula, ponena kuti silingatsimikize popanda kukayika kulikonse kuti mawuwo anali achipongwe. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa miyezi iwiri yotsatira FA inamupeza wolakwa pa nkhani yomweyo. Kusiyana kwake ndi muyezo wa umboni. Khothi la milandu yaupandu limafuna umboni wosasiya chikayiko, pomwe komiti ya mpira imangoyeza kuti mwa nkhani ziwirizo, yomveka kwambiri ndi iti. Komiti inati nkhani ya Terry inali yopeka ndi yosamveka, n'kumuletsa masewero 4 ndi chindapusa cha mapaundi 220,000. Iye anali atalengeza kale kuti wasiya kusewerera England kutatsala tsiku limodzi kuti komiti ikhale pansi.

Suárez 8, Terry 4. Chifukwa chomwe chinaperekedwa n'chakuti Terry ananena kamodzi pomwe Suárez anabwerezabwereza. Osewera akuda ambiri sanakhutire. Kadi yofiira ya ndewu wamba imadya masewero atatu, ndiye kutukwana khungu la munthu kupose ndi amodzi okha? Mu Okutobala 2012 Jason Roberts, Rio Ferdinand ndi ena anakana kuvala malaya a Kick It Out, ponena kuti atopa ndi malaya opanda zochita. Ndipo kumbukirani kuti mkulu wa FIFA pa nthawiyo, Sepp Blatter, anali atanena mu Novembala 2011 kuti nkhani zotere zizitha ndi kugwirana chanza masewero akatha. Anadzapepesa, koma anthu anali atamva kale momwe akuluakulu ankaganizira.

Ku UEFA zinthu zinali zochititsa manyazi chimodzimodzi. Pa Euro 2012 Nicklas Bendtner wa Denmark analipitsidwa mayuro 100,000 chifukwa choonetsa kabudula wamkati wolembedwa dzina la kampani yanjuga. Chaka chomwecho Serbia inalipitsidwa mayuro 80,000 pa chisokonezo cha ku Kruševac, komwe Danny Rose wa timu ya achinyamata ya England anati ankamulirira ngati nyani, ndipo iye ndi amene anatuluka ndi kadi yofiira. Kenako pa 3 Januwale 2013, Kevin-Prince Boateng wa AC Milan anatola mpira, kuumenya ndi mwendo kulunjika kwa omwe ankamunyoza pa masewero opimana mphamvu ndi Pro Patria, kuvula jezi n'kutuluka, anzake onse n'kumutsatira. Chaka chimenecho UEFA inaika masewero osachepera 10 kwa wosewera wolakwa, ndi kutseka mbali ya bwalo ngati olakwa ndi masapota. FA inaika masewero 5, omwe inakweza kufika 6 mu 2019.

Kwa osewera malamulowa agwiradi ntchito. Goloboyi wa Leeds, Kiko Casilla, analetsedwa masewero 8 mu 2020. Ondřej Kúdela wa Slavia Prague, yemwe anaphimba pakamwa ndi dzanja n'kunong'oneza Glen Kamara wa Rangers kukhutu mu 2021, anapatsidwa 10, ngakhale Kamara naye analetsedwa atatu chifukwa cha zomwe zinachitika polowera m'zipinda zovalira. Wosewera ndi munthu mmodzi, dzina lake lili pamsana, n'kosavuta kumugwira.

Gulu la masapota ndiye lakhala likupulumuka ndi zilango zopepuka. Ku Sofia mu 2019 masewero a Bulgaria ndi England anaimitsidwa kawiri, koma chilango chinali mayuro 75,000 ndi masewero awiri opanda oonerera, amodzi mwa iwo ongoopseza. Ku Italy mu 2017 Sulley Muntari wa ku Ghana anakadandaula kwa woyimbira kuti akunyozedwa, woyimbirayo n'kumuonetsa kadi yachikasu. Ku Valencia pa 21 Meyi 2023, Vinícius Júnior wa Real Madrid analoza ndi chala anthu omwe ankamunyoza kuseri kwa golo, koma masewero asanathe iye ndi amene anatulutsidwa. Kadiyo inadzafufutidwa. Valencia inalamulidwa kutseka mbali imodzi ya bwalo la Mestalla kwa masewero asanu, omwe pa apilo anatsitsidwa kufika atatu. Chomwe chinasintha ku Spain chinachokera ku khothi, osati ku mabungwe a mpira: mu Juni 2024 amuna atatu mwa onyozawo anagamulidwa miyezi 8 ya ukaidi ndi kuletsedwa kulowa m'mabwalo a mpira kwa zaka ziwiri.