Mnzanu akaphonya sitepe, musamukoke dzanja

Dandaulo ili ndatopa nalo: "Aphunzitsi, mayi aja satsatira." Olinena kawirikawiri ndi abambo amene adziwako masitepe angapo a magule ovina awiriawiri monga salsa kapena waltz, ndipo akagwirana ndi munthu wongoyamba kumene amaona ngati mankhwala ake ndi kuwonjezera mphamvu. Ayi ndithu. Wongoyamba akalowera kumene simumafuna, nthawi zambiri thupi lanu lamuuza zinthu ziwiri nthawi imodzi, kapena mwamuuza mochedwa.

Kodi mukudziwa phazi limene waimira? Munthu sanganyamule phazi limene thupi lake latsamirapo. Mu salsa wotsogolera amaponya phazi lakumanzere kutsogolo, mnzake n'kubwerera m'mbuyo ndi lakumanja. Ngati iye akadatsamirabe pa phazi lakumanjalo inu n'kunyamuka, mumuponda basi, kenako muzinena kuti ndi wouma thupi. Ovina gule wa tango a ku Buenos Aires, ku Argentina, asananyamuke amayamba atsamira uku ndi uku pang'onopang'ono pamodzi ndi mnzawoyo, mpaka atamva pamene waima. Chitani zomwezo, sizikudyerani nthawi.

Chotsogolera ndi chifuwa, osati manja. Dzanja lanu lakumanja likhale pa fupa la kuseri kwa phewa lake, zigongono zili patsogolo, ndipo thupi lanu lonse liyambe kusuntha phazi lisanaponde. Mukamukankha ndi manja chifuwa chili phee, iye amangomva kugwedezedwa, osadziwa kolowera. Komanso mu waltz, pamene onse amazungulira bwalo mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, mnzanuyo nthawi zambiri amayenda chambuyo. Saona kumene akupita. Maso ake ndinu.

Pozungulitsa m'pamene pamandiwawa mtima. Mu salsa timawerenga kugunda kwa nyimbo motere: 1-2-3, 5-6-7, kupumira pa 4 ndi pa 8. Ngati mukufuna azungulire pa 5-6-7, dzanja likwere pa 3, kuti adziwiretu. Likwere pang'ono chabe pamwamba pa mutu wake, zala zili zomasuka, chala chachikulu osatsina nacho. Amazungulira yekha ndi miyendo yake. Inu mwangomutsegulira njira. Simukukoka mbuzi pa chingwe.

Sindimuiwala mtsikana wina amene anali atangoyamba kuphunzira. Anavina ndi bambo wina amene anaonera pa YouTube kazungulitsidwe kofulumira kobwerezabwereza, n'kufuna kuyesera pa iye. Mtsikanayo asanamalize kutembenuka, bamboyo anatsitsa dzanja mwamphamvu mkono uli chakumbuyo. Ndinamuona atagwira phewa, akumwetulira mwamanyazi, akuti "palibe kanthu". Sanapite kuchipatala. Wina wodzitcha katswiri wowongola mafupa anakhala akumusisita ndi kumukoka mkonowo kwa masabata, ndipo pamene ankaonana ndi dokotala n'kuti akulephera ngakhale kupesa tsitsi. Kuvina sanabwererekonso. Bambo uja mpaka lero amati mtsikanayo ndiye sanatsatire.

Ndiye mverani. Phewa ndi mfundo yomasuka kwambiri m'thupi, n'chifukwa chake siichedwa kuguluka kapena kung'ambika minyewa mkono ukakokedwa uli m'mwamba ndi kumbuyo. Wina akavulala povina n'kumalephera kukweza mkono, phewa likaoneka lopotoka, kapena zala zikachita dzanzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musalole munthu wamba kulikoka kuti alibwezeretse. Pakhoza kukhala fupa lothyoka kapena mtsempha wopanikizika, ndipo kukokako kungawonjezere vuto. Ululu umene sukutha pakapita masiku angapo nawonso si wodikira.

Chenjeraninso ndi aphunzitsi ophunzirira pa foni, amene tsiku loyamba lomwe amakuonetsani kugonetsa mnzanu chagada pa mkono. Zimenezo zimafuna msana ndi khosi lozolowera, ndiponso chilolezo cha mwini thupi. Kwa munthu amene simunavinepo naye, musayese.

Ndipo chonde, nyimbo ili mkati musasanduke mphunzitsi. Kumuwerengera m'khutu ndi kumuuza kuti "mwalakwitsa" kumangomuumitsa thupi. Akaphonya, bwererani ku sitepe yoyambira, fupikitsani mapazi, mumupatse mpata apezenso kugunda kwa nyimbo. Masitepe atatu omveka bwino akwanira nyimbo yonse. Mukamva mkono wake ukulimba pakati pozungulira, tayani dzanjalo nthawi yomweyo, muyambirenso.