Kukweza Hilux Si Poyambira

Ambiri akagula Hilux ya 4x4 amathamangira kukaikweza masipuling'i, ati kuti isamakhule pansi. Koma taweramani muone kumbuyo. Difu, bokosi la magiya limene limagawira matayala mphamvu ya injini, imakhala pa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo, ndipo ekiseloyo yatsamira pa matayala. Mukakweza bodi, difu ija imatsala pomwepo, n'kumagundabe mwala womwewo. Chimene chimaikweza ndi matayala okulirapo basi. Komanso galimoto yotalika kwambiri sichedwa kugubuduka pamalo opendekeka, ndipo zimenezi n'zimene zimandidetsa nkhawa.

Yambani ndi matayala abwino oyenda ponseponse. Pamchenga phwetsani mpweya pang'ono kuti tayala liponde malo aakulu, mukafika pamsewu wa tala mupopenso. Musanyamuke opanda pampu, fosholo ndi chingwe cholimba chokokera.