Makutu Sawonongeka Tsiku Limodzi: Uthenga kwa Ogula ndi Ovala Mahedifoni

Munthu amene makutu ake akuwonongeka ndi phokoso samva kupweteka. Magazi satuluka, khutu silitupa. Amangoyamba kudandaula kuti anzake akulankhulira pansi, amakweza wailesi, ndipo pocheza amafunsa kuti "mwati bwanji?" kawiri katatu. Pomwe adzazindikire, zaka zimakhala zitadutsa, ndipo chomwe chawonongeka sichibwereranso. Uthengawu ndi wa aliyense amene amavala timahedifoni tolowetsa m'makutu, kaya ta waya kapena ta Bluetooth, komanso makolo amene amagulira ana awo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti achinyamata oposa 1 biliyoni a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pa chiopsezo chogontha chifukwa chomvera mawu okwera kwambiri kwa nthawi yaitali. Nkhaniyi idakula mpaka mu 2015 bungweli lidayambitsa ntchito yotchedwa Make Listening Safe, ndipo mu 2019, mogwirizana ndi bungwe loona za mafoni ndi kulumikizana pa dziko lonse la ITU, lidatulutsa mfundo zoti opanga mafoni ndi mahedifoni azitsatira. Koma mfundozo sizingakutsitsireni voliyumu. Chala chomwe chimakweza ndi chanu.

Zomwe zimachitika mkati mwa khutu

Ngalande ya khutu ndi yaifupi, pafupifupi masentimita awiri ndi theka. Kumapeto kwake kuli kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera mawu akakagunda. Kunjenjemerako kumadutsa m'timafupa titatu n'kukafika m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse, tomwe timasandutsa kunjenjemera kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo.

Mawu akakwera kwambiri, tiubweyati timapindika ngati udzu wopondedwa. Mukapumitsa makutu, timadzukanso. N'chifukwa chake munthu akavula mahedifoni amamva ngati m'makutu mwatsekeka kapena mukulira, koma m'mawa mwake n'kupeza zatha. Ambiri amanyengeka pamenepa. Udzu ukamapondedwa tsiku ndi tsiku umauma, pamatsala njira. Timaselo timeneti tikafa, thupi la munthu silipanga tina, ndipo palibe mapiritsi, jakisoni kapena opaleshoni yoti n'kutibwezeretsa.

Toyamba kufa ndi tomwe timamva mawu ang'onoang'ono opyapyala, monga "s", "f" ndi "ts". Choncho munthu amamva ndithu kuti wina akulankhula, koma mawuwo sakuwagwira bwino, makamaka pagulu kapena pamalo aphokoso. Ena amatsala ndi kulira kosalekeza m'makutu, usana ndi usiku, komwe kumasowetsa tulo ndi mtendere.

Kukwera kwa mawu ndi kutalika kwa nthawi

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho tifotokoze mofatsa. Kukwera kwa mawu amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. WHO ikuti munthu wamkulu angathe kumvera mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto. Kwa ana, mlingo wake ndi madesibelo 75 kwa maola 40 omwewo.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti madesibelo sakwera ngati mmene timawerengera zinthu. Mukangowonjezera atatu, mphamvu ya mawu imawirikiza kawiri, ndipo nthawi yomwe makutu angapirire imadulidwa pakati. Pa madesibelo 83 mwatsala ndi maola 20 pa sabata. Pa 86, maola 10. Pa 92, maola awiri ndi theka. Mukafika pa 100, ndi mphindi 20 zokha kapena kupitirira pang'ono, pa sabata yonse, osati pa tsiku. Mafoni ambiri okhala ndi mahedifoni amatha kufika pa 100 kapena kupitirira mukakweza voliyumu mpaka kumapeto. Nyimbo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zokha, gawo lanu la sabata latha.

Komanso makutu sasiyanitsa komwe phokoso lachokera. Ngati mumagwira ntchito pafupi ndi makina, kapena mwachezera pamalo pomwe masipika akulira kwambiri, zonsezo zimawerengedwa pamodzi ndi za mahedifoni. Nyimbo yauzimu, phunziro la sukulu, mpira, masewera a pa foni: khutu limangomva kukwera kwake, osati ubwino wa zomwe zikunenedwa.

Ndiye mungatani? Voliyumu isapitirire 60 peresenti ya pomwe imathera. Pakatha ola, vulani mahedifoni kwa mphindi zingapo. Ngati munthu ali pafupi nanu, poti mutatambasula mkono n'kumukhudza, ndipo akuchita kukuwa kuti mumumve, mawu akwera kwambiri. Chimodzimodzinso ngati iye akumva nyimbo yomwe ili m'makutu mwanu. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi poikira malire a voliyumu. Pa iPhone pali gawo la Headphone Safety, ndipo mafoni ambiri a Android amachenjeza mukapitirira mlingo. Chenjezo limenelo likabwera, musamangolichotsa mwachizolowezi osaliwerenga. Lidayikidwa pofuna makutu anu omwewo.

Pogula

Anthu ambiri poyesa mahedifoni amakweza mpaka kumapeto, n'kusankha omwe akulira kwambiri. Kumeneko n'kusankha molakwika. Mahedifoni abwino ndi omwe amamveka bwino voliyumu ili pansi.

Chofunika kwambiri ndi mmene akukhalira m'khutu. Chomwe chimachititsa munthu kukweza voliyumu nthawi zambiri si kukonda phokoso ayi, koma kufuna kupambana phokoso la panja: injini, mphepo, anthu olankhula. Timahedifoni tolimba topanda labala kumapeto timasiya mpata, phokoso limalowa, inu n'kumakweza. Tomwe tili ndi timalabala tofewa timatseka ngalande ya khutu, ndipo mumamva bwino osakweza. Timalabalati timabwera m'masaizi atatu kawirikawiri: tating'ono, tapakati ndi tatikulu. Yesani tonse. Si zachilendo kupeza kuti khutu lamanja likufuna saizi yosiyana ndi lamanzere. Kalabala koyenera kamakhala osagwa mukagwedeza mutu, komanso sikapweteka pakatha ola.

Mahedifoni olembedwa kuti noise cancelling ali ndi timaikolofoni tomwe timamva phokoso la panja n'kutulutsa mawu olifafaniza. Amathandiza kwambiri pa phokoso losasintha monga la injini. Ngati mumayenda maulendo ataliatali kapena kugwira ntchito mu ofesi yaphokoso, ndi ofunika kuwaganizira. Koma phindu lake lili poti mutsitse voliyumu. Mukawavala n'kukwezabe, palibe chomwe mwapulumutsa. Ndiponso salowa m'malo mwa zotchingira makutu zomwe amavala ogwira ntchito pa makina olira kwambiri.

Ena amafunsa ngati mahedifoni aakulu ophimba khutu lonse ndi abwino kuposa olowetsa mkati. Pa nkhani ya kugontha, onse angawononge mukakweza. Ophimba khutu amaposa anzawo pa chinthu chimodzi: sakhudza ngalande ya khutu, choncho ndi oyenera munthu amene makutu ake amayabwa kapena kudwaladwala.

Kwa ana aang'ono, sankhani ophimba khutu okhala ndi malire a voliyumu. Dziwani kuti ambiri mwa amenewa malire awo ndi madesibelo 85, omwe ndi okwerabe poyerekeza ndi 75 ya ana ija, choncho nthawi yomvera muziiyang'anirabe. Timahedifoni ta Bluetooth ndi tating'ono ndipo muli batire mkati. Mwana akameza, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Za mafunde a Bluetooth, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, yotsika kuposa ya foni yomwe mumaika pakhutu poimba. Nkhawa yanu ikhale pa voliyumu. Koma amene adaikidwa kachipangizo kothandiza kugunda kwa mtima asamaike mahedifoni m'thumba la pachifuwa kapena kuwalendewetsa pamenepo, chifukwa muli maginito. Atalikirane ndi kachipangizoko ndi masentimita 15 kapena kuposa.

Ukhondo

Khutu limadziyeretsa lokha. Phula la m'khutu si litsiro: limateteza khungu, limakola fumbi, ndipo limatuluka pang'onopang'ono munthu akamatafuna ndi kulankhula. Kahedifoni kakakhala m'khutu tsiku lonse kamatsekereza njira imeneyi, n'kumakankhira phulalo mkati mpaka kuuma. Kamasunganso thukuta ndi kutentha, zomwe mabakiteriya ndi mafangasi amakonda. Zotsatira zake ndi kuyabwa, kupweteka mukakoka khutu, kenaka madzi kapena mafinya.

Musavale mahedifoni makutu ali onyowa mukangosamba. Musagone nawo. Kamodzi pa sabata chotsani timalabala, titsukeni ndi madzi a sopo, ndipo tiume kaye musanatibwezeretse. Kahedifoni kenikeniko kapukuteni ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, osakaviika m'madzi. Kubwerekana mahedifoni olowetsa mkati n'kubwerekana tizilombo. Ngati mwagula ogwiritsidwa kale ntchito, sinthani timalabala. Ndipo musamatokose m'khutu ndi kamtengo ka machesi, nthenga, chotsekera cholembera, ngakhale timitengo ta thonje tija. Zimakankhira phula mkati, zimakanda khungu, mwinanso kuboola kachikopa kaja.

Odwala matenda a shuga komanso omwe chitetezo cha m'thupi mwawo n'chotsika asamazengereze khutu likayamba kupweteka, chifukwa kwa iwo matenda a m'ngalande ya khutu amatha kufalikira mpaka ku fupa.

Mabatire ndi msewu

Mahedifoni a Bluetooth, masipika oyenda nawo ndi ma power bank ali ndi mabatire a lithium. Batire ikatupa, ikamatentha modabwitsa kapena kununkha, siyani kugwiritsa ntchito. Musaiboole, musaiponye pamoto. Musatchaje zinthuzi pansi pa pilo kapena kuzisiya padzuwa.

Pamsewu, makutu ndi maso a kumbuyo. Hutala, belu la njinga, sitima, munthu wokuwa kuti "chokani!", zonsezi mumazimva musanazione. Mahedifoni omwe amatseka bwino phokoso, omwe tawayamikira pamwambapa, ndi omwewo amene ali oopsa pamsewu. Powoloka, popalasa njinga, poyendetsa galimoto kapena njinga yamoto, komanso poyenda nokha usiku, avuleni.

Nthawi yopita kuchipatala

Kaonaneni ndi achipatala ngati m'makutu mukulira kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, ngati mukuvutika kumva anzanu pagulu, ngati abale akudandaula kuti mumakweza kwambiri wailesi kapena TV, kapena ngati khutu likupweteka, kutupa kapena kutuluka mafinya. Kuyeza makutu sikupweteka: amakuvekani mahedifoni, inu n'kumasonyeza mukamva kamawu. Nthawi zina vuto limangokhala phula louma, lomwe amalichotsa tsiku lomwelo. Kalabala kakathothokera mkati mwa khutu, musayese kukatokosa nokha. WHO ili ndi pulogalamu yaulere ya pa foni yotchedwa hearWHO yomwe ingakupatseni chithunzithunzi cha mmene mukumvera, ngakhale siilowa m'malo mwa dokotala.

Pali chizindikiro chimodzi chosafunika kudikira. Khutu limodzi likangosiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena mwangodzuka nalo m'mawa, kaya pali chizungulire kapena ayi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musaganize kuti ndi phula kapena chimfine, ndipo musathiremo mafuta kapena mankhwala ena alionse. Mankhwala a vutoli amagwira bwino ntchito akayambidwa m'masiku oyambirira, ndipo pakadutsa masabata angapo mwayi woti khutulo limvenso umachepa kwambiri.