Slime mold si nkhungu ayi

Ndatopa kumva zaka ndi zaka anthu akubwereza kuti slime mold, kachamoyo koterera ka m'malo achinyezi, ndi mtundu wa nkhungu, kanthu kopanda dongosolo kongomera pa zowola.

Tengani Dictyostelium discoideum, mtundu umodzi wa slime mold wa m'dothi la m'nkhalango. Ndi kachilombo ka selo imodzi komwe kamayenda kokha n'kumameza mabakiteriya, pomwe nkhungu imayamwa chakudya ili pamalo amodzi. Chakudya chikatha, maselo pafupifupi 100,000 amaitanizana ndi mankhwala otchedwa cAMP n'kuunjikana kukhala thupi limodzi lokwawa ngati nkhono yopanda chigoba. M'maola pafupifupi 24, ena amafa n'kusanduka phesi, ambiri amakwera pamwamba pake kukhala njere zodikira nyengo yabwino.

Dongosololi lili m'majini ake (malangizo a chibadwa omwe ali m'selo) oposa 12,000, omwe anawerengedwa mu 2005. Chondichititsa chidwi kwambiri n'chakuti mtundu wina, Dictyostelium purpureum, unapatukana ndi Dictyostelium discoideum kuchokera kwa kholo limodzi zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo, komabe majini ambiri ofanana amayamba ndi kusiya kugwira ntchito pa nthawi zofanana akamakula.

Musanagawire ena zomwe mwamva, lembani dzina la sayansili pa intaneti, muonere mavidiyo ojambulidwa pa maikulosikopu, muonenso chaka cha buku lomwe mukuwerenga, chifukwa mabuku akale ndiwo ankaika tizilomboti m'gulu la nkhungu.