Chakudya cha Kukai pa phiri la Koya

Mu Januwale, phiri la Koya m'chigawo cha Wakayama ku Japan limakutidwa ndi chipale chofewa, ndipo madzi osamba m'manja pakhomo la kachisi amaundana. Alendo amachepa, koma mwambo umodzi suona nyengo. Tsiku lililonse, 6 koloko m'mawa ndiponso 10:30, amonke awiri amanyamula bokosi lathabwa pamtengo, mkulu wawo ali patsogolo. Amayamba aima pa fano la Ajimi Jizo kuti lilawe, kenako amawoloka mlatho wa Gobyobashi kupita ku manda a Okunoin. M'bokosimo muli mpunga ndi ndiwo zamasamba za Kukai, mmonke wachibuda amene anasiya kuoneka mu 835.

Kukai anabadwa mu 774. Mu 804 anapita ku China, n'kukaphunzira kwa mphunzitsi Huiguo mumzinda wa Chang'an, ndipo atabwerera mu 806 anayambitsa gulu la Chibuda la Shingon. Ankafuna malo akutali ndi phokoso la likulu, choncho mu 816 Mfumu Saga inamupatsa chidikha chapamwamba paphiri, mamita pafupifupi 800, chozunguliridwa ndi nsonga za mapiri. Kumeneko n'kumene anamalizira moyo wake.

Koma otsatira ake sanena kuti anamwalira. Amati analowa m'kusinkhasinkha kosatha, akudikira Buddha wam'tsogolo, Miroku. Nkhaniyi inamera mizu pambuyo pa 921, chaka chimene Mfumu Daigo inamupatsa dzina laulemu lakuti Kobo Daishi. Akuti mmonke Kangen, atatsegula mandawo, anapeza tsitsi la Kukai litakula, ndiye anamumeta n'kumuveka zovala zina. Mpaka lero, pa 21 Malichi amamupititsira mkanjo watsopano. Akatswiri ena a mbiri yakale amati zolembedwa za kunyumba yachifumu zimasonyeza kuti thupi lake linatenthedwa, koma paphiripo mawu amenewo alibe malo.

Ine ndimaona kuti chikhulupiriro chimenechi n'chimene chinapulumutsa Koya. Mu 994 mphezi inayatsa moto umene unapsereza makachisi ambiri, amonke n'kubalalika, phiri n'kutsala ngati bwinja. Chinakokanso anthu si nyumba zokongola ayi, koma mbiri yakuti woyera mtima uja akadali moyo. Nduna yamphamvu Fujiwara no Michinaga inakwera phirili mu 1023, olemera ena n'kutsatira ndi mphatso zawo. Amonke oyendayenda ankalowa m'midzi kusonkhanitsa zopereka ndi mafupa a akufa kuti akaikidwe pafupi ndi Kukai.

N'chifukwa chake njira ya makilomita 2 yopita kumandako, pansi pa mikungudza ikuluikulu, ili ndi miyala yachikumbutso yoposa 200,000. Atsogoleri ankhondo Takeda Shingen ndi Uesugi Kenshin, amene ankamenyana ali moyo, ali ndi zipilala m'njira yomweyi. Mtsogoleri wina wankhondo, Oda Nobunaga, nayenso ali pomwepo, ngakhale anaphetsa amonke a ku Koya. Makampani amakono anamangira antchito awo zikumbutso, ndipo opha tizilombo anaimika mwala wopepesa chiswe.

Kwa zaka zoposa 1,000 akazi sankaloledwa kufika. Ankathera pa nyumba zotchedwa Nyonindo m'mphepete mwa chidikhacho, n'kumapemphera ali patali. Zinalipo 7, koma yatsala imodzi. Ngakhale mayi ake a Kukai akuti anakhala kunsi kwa phiri, pa kachisi wa Jison-in, mwanayo n'kumatsika kukawaona. Boma linachotsa chiletsocho mu 1872, ngakhale amonke anazengereza kwa zaka zambiri.

Lero paphiripa pali makachisi 117, ndipo pafupifupi 50 amagoneka alendo, amuna ndi akazi omwe. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2004. Wobwera m'nyengo yozizira amadzutsidwa kukadali mdima kuti akakhale nawo pa mapemphero m'holo yozizira koopsa, kenako amapatsidwa chakudya chopanda nyama kapena nsomba. M'mbale simulephera kupezeka koya-dofu, tofu (chakudya chopangidwa ndi soya) amene kale ankamusiya panja usiku kuti aundane asanamuumitse.